Webusaiti ya sukulu kapena laibulale: kufufuza zosowa za anthu n'kutani, ndipo kumathandiza chiyani?

Ophunzira akale a sukulu ina ya sekondale, ambiri a iwo ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amatha kusonkha ndalama pa gulu lawo la WhatsApp kuti sukulu yawo ikhale ndi webusaiti. Nthawi zina ndi bungwe limene limabwera ndi makompyuta ku laibulale ya m'dera n'kulonjeza kuti mabuku onse aziwoneka pa intaneti. Nkhani ikafika pa msonkhano wa komiti ya sukulu ndi PTA, pamatuluka mawu amene amadabwitsa ambiri: akuti ntchito isanayambe, pachitike kaye kafukufuku wa zosowa za anthu amene azidzaigwiritsa ntchito. Ena amaona ngati ndi njira yodyera maalawansi. Ena amati sukulu ndi yathu, ana ndi athu, tifufuzenso chiyani? Enanso amangokhala chete poganiza kuti zimenezi n'za akatswiri a makompyuta. Onsewa ali ndi zifukwa zawo, koma kawirikawiri amakangana asanamvane kuti kafukufukuyu ndi chiyani. Tiyeni timuone pang'onopang'ono, potengera moyo wa kuno ku Ntcheu.

Webusaiti yeniyeniyo

Webusaiti ndi masamba a uthenga osungidwa pa kompyuta yosazima yotchedwa seva, amene aliyense wodziwa dzina lake, kapena wofufuza pa Google, angathe kuwatsegula. Njirayi anaiyambitsa Tim Berners-Lee mu 1989 ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, ndipo mu 1991 anthu akunja kwa malowo anayamba kuigwiritsa ntchito. Kuti sukulu ikhale nayo pamafunika dzina, monga aja othera ndi .mw, malo osungirako masambawo, ndi munthu wolemba uthenga. Dzina ndi malo zimalipiridwa chaka ndi chaka. Mukasiya kulipira, webusaiti imazimiririka.

Imasiyana ndi gulu la WhatsApp chifukwa pagulu amaona okhawo amene analowetsedwa, ndipo uthenga wa ahedi wonena za tsiku lotsegulira umakwiririka msanga pansi pa mauthenga a maliro, mavesi ndi moni wa m'mawa. Imasiyananso ndi tsamba la Facebook, limene ndi laulere koma mwini malo ndi kampani ya ku America, ndipo ndiyo imasankha zimene anthu aone poyamba. Komabe WhatsApp ndi Facebook zili ndi mwayi umene webusaiti ilibe: anthu ali komweko kale, ndipo makampani a mafoni amagulitsa mabandulo otsika mtengo ongotsegula zimenezo. Munthu amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha sangatsegule webusaiti ya sukulu.

Maganizo ofunsa kaye anachokera kuti

Kufufuza zosowa ndi kufuna kudziwa, musanamange kanthu, kuti ndani adzakagwiritse ntchito, akufuna kuchita nako chiyani, pakali pano amachita bwanji, ndipo chimawavuta n'chiyani. Anthu a ku Ntcheu safunika kupita kutali kuti amvetse zimenezi, chifukwa chitsanzo chake chili pa mjigo uliwonse.

Kale mijigo yambiri inkati ikawonongeka, mudzi unkadikira gulu la amisiri a boma kuti libwere ndi galimoto ndi zida zolemera zokwezera mapaipi. Miyezi inkatha amayi atabwerera kudambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ntchito ya madzi m'chigwa cha Livulezi m'boma lino inayesa pampu ya mtundu wina yotchedwa Maldev, imene pambuyo pake, ntchito itapitirizidwa ku Kenya, inabala pampu ya Afridev yomwe tikuiona paliponse lero. Chatsopano chake sichinali kutulutsa madzi ambiri. Opanga ake anayamba ndi funso lakuti: ndani amapopa, ndipo ikafa, ndani ali pafupi woti aikonze? Yankho linali anthu a m'mudzi momwemo, choncho anaipanga yoti itsegulidwe ndi sipanala imodzi, ndodo zake zisololedwe ndi manja, ndipo mphira zotha zisinthidwe popanda kuitana wina kuchokera ku boma. Mjigo womangidwa popanda kufunsa umaoneka bwino pa tsiku lotsegulira. Kusiyana kumadziwika chaka chachiwiri.

M'ntchito za makompyuta maganizo omwewa anakula m'zaka zomwezo. Cha m'ma 1986, wasayansi wa ku America Donald Norman ndi anzake anafalitsa chiphunzitso chakuti chida chipangidwe potsata munthu wochigwiritsa ntchito, osati munthuyo azivutika kutsata chida. Boma la Britain, litaona kuti lili ndi mawebusaiti mazanamazana osokoneza, linatsegula webusaiti imodzi ya GOV.UK mu 2012, ndipo mfundo yoyamba pa mfundo zimene analemba zotsogolera ntchitoyo inali yakuti ayambe ndi zosowa za anthu, osati zosowa za boma. Kuno kwathu, kuyambira pamene ndondomeko ya mphamvu ku anthu inakhazikitsidwa mu 1998, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera (ma VDC ndi ma ADC) amayenera kufunsa mudzi asanalembe mapulani a chitukuko, ndipo sukulu za pulayimale zimalemba pulani yotukulira sukulu pamodzi ndi komiti, PTA ndi gulu la amayi. Aliyense amene anakhalapo pa misonkhano imeneyi akudziwa kuti nthawi zina kufunsako kumakhala kwenikweni, nthawi zina kumangokhala mwambo chabe, zosankha zitapangidwa kale. Kafukufuku wa webusaiti angathe kukhala mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Eni ake ndi ogwiritsa ntchito

Pali magulu awiri amene amasokonezedwa. Eni nkhani ndi amene ali ndi mphamvu pa webusaiti: ahedi, komiti, mpingo ngati sukulu ndi ya mishoni, opereka ndalama, ofesi ya maphunziro ya m'boma. Ogwiritsa ntchito ndi amene adzaitsegule chifukwa pali chimene akufuna. Eni nkhani amakhala pa msonkhano wokonza. Ogwiritsa ntchito kawirikawiri sakhalapo. N'chifukwa chake mawebusaiti ambiri a sukulu amayamba ndi chithunzi chachikulu cha geti, mawu a mphunzitsi wamkulu, masomphenya ndi mbiri ya amene anaika mwala woyamba, pamene nambala ya foni ya ku ofesi yabisika pansi penipeni.

Tiyerekeze sukulu ya sekondale yogonera pompo m'mbali mwa msewu wa M1. Angaifune ndani? Pali mayi wa ku Tsangano amene mwana wake wasankhidwa kupita Fomu 1, ndipo akufuna kudziwa zoti amugulire asanagulitse mbatata yake yonse: yunifolomu ya mtundu wanji, matiresi apite nawo kapena ayi. Pali amalume amene ali ku Johannesburg, olipira fizi, amene sangabwere kudzafunsa ndipo akufuna kutsimikiza kuti ndalama imene mphwawo watchula ndi yoona. Pali wophunzira wa Fomu 4 wofuna mapepala akale a mayeso a MSCE. Pali amene anamaliza zaka khumi zapitazo, wofuna kalata ya umboni kuti akafunsire ntchito, ndipo sakufuna kuwononga thiransipoti kuchokera ku Mzuzu n'kupeza ahedi achokapo. Pali mphunzitsi amene watumizidwa kumeneko, wofuna kudziwa ngati kuli nyumba.

Ku laibulale anthu ake ndi ena: obwereza MSCE amene alibe sukulu yokhazikika, aphunzitsi ochita maphunziro a patali, achinyamata ofufuza ntchito m'nyuzipepala, ndi ambiri amene, kunena zoona, amabwerera tebulo, bata ndi soketi yotchajira foni kuposa mabuku. Laibulale imene siidziwa zimenezi ingathe kutha chaka ikulowetsa mayina a mabuku mu kompyuta, pamene funso la anthu ambiri ndi lakuti Loweruka mumatsegula kodi.

Pali gulu lina limene limaiwalika: ogwiritsa ntchito kudzera mwa anzawo. Agogo olera mdzukulu sangatsegule webusaiti, koma mnyamata wa pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba pa Lizulu angawatsegulire n'kuwawerengera. Wolera ana ndi agogowo, wogwira foni ndi mnyamatayo, ndipo webusaiti iyenera kuyenerera onse awiri: yosavuta kuipeza kwa iye, yomveka ikawerengedwa mokweza kwa iwo.

Okonza mawebusaiti amakonda kulemba anthu oterewa ngati zithunzi za anthu ongoyerekeza, aliyense ndi msinkhu wake, foni yake ndi vuto lake, njira imene inatchuka chifukwa cha Alan Cooper, wopanga mapulogalamu a makompyuta wa ku America, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Oikonda amati imathandiza komiti kukumbukira anthu amene sali m'chipindamo. Oikayikira amati munthu woyerekeza akapekedwa pa desiki popanda kucheza ndi anthu enieni, amangonena zimene womupekayo ankaganiza kale.

Chosowa ndi chofuna

Mukafunsa ana a sukulu kuti pa webusaiti pakhale chiyani, adzatchula mavidiyo, nyimbo, masewera ndi zithunzi za timu ya mpira. Mukafunsa aphunzitsi adzati pakhale manotsi a maphunziro onse. Zimenezi ndi zofuna, ndipo si zoipa. Chosowa ndi ntchito imene munthu ayenera kuichita, webusaiti ilipo kapena palibe. Kholo liyenera kulipira fizi pa nthawi yake ndi kumalo oyenera. Ichi n'chosowa, ndipo chinalipo intaneti isanabwere.

Oyang'anira malaibulale anazindikira kusiyanaku kalekale. Mu 1931, S. R. Ranganathan wa ku India analemba malamulo asanu a ntchito ya laibulale, ndipo ena mwa iwo amati mabuku ndi oti agwiritsidwe ntchito, wowerenga aliyense apeze buku lake, ndipo nthawi ya wowerenga isawonongedwe. Mu 1968, Robert Taylor wa ku America anafotokoza kuti funso limene munthu amafunsa pa desiki ya laibulale nthawi zambiri silikhala lenileni limene lamubweretsa, chifukwa amalisintha kuti ligwirizane ndi zimene akuganiza kuti laibulale ingathe kuyankha. Mnyamata angafunse kuti, "Madamu, muli ndi mabuku a zaulimi?" pamene chimene chamuvuta n'chakuti masamba a tomato wa bambo ake ku Kampepuza akuda ndipo sakudziwa mankhwala ake. Woyang'anira wodziwa ntchito samangoloza shelefu; amafunsa kaye kuti zakhala bwanji. Webusaiti singafunse choncho, ndiye mafunsowo ayenera kufunsidwa isanamangidwe.

Njira yodziwika yolembera chosowa ndi chiganizo chimodzi chonena munthu, chimene akufuna kuchita, ndi chifukwa chake: monga kholo lokhala kutali, ndikufuna kudziwa akaunti yeniyeni ya sukulu, kuti ndisatumize fizi kwa wakuba. Mawu omalizawo ndi amene amasintha kamangidwe. Aliyense wa foni m'dziko muno analandirapo uthenga wa akamberembere wonamizira kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Chosowa cha khololo si kuona manambala chabe, koma kukhala ndi malo amodzi amene angawakhulupirire. Choncho tsambalo liyenera kuonetsa tsiku limene linalembedwa komaliza, ndi kunena momveka kuti sukulu sidzasintha akaunti kudzera pa uthenga wa pafoni.

Zosowa zikalembedwa zimachuluka, mwina makumi angapo, koma zimene zimabweretsa anthu ambiri zimakhala zochepa: masiku otsegulira ndi otsekera, fizi, zofunika kubweretsa, njira yolankhulira ndi ofesi. Vuto lotsala n'lakuti chosowa cha anthu ochepa chingathe kukhala cholemera kuposa cha ambiri. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba ndipo akufuna kudziwa ngati angabwererenso ndi mmodzi pa anthu mazana, ndiponso ndi amene angachite manyazi kukafunsa ku ofesi maso ndi maso. Kuwerenga manambala kokha sikungamuike patsogolo.

Kafukufukuyo amachitika bwanji

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ili kale mu ofesi. Kalaliki, mlonda wa pa geti, wachiwiri kwa ahedi ndi woyang'anira laibulale amayankha mafunso omweomwewo tsiku ndi tsiku. Kuika kope pa tebulo kwa masabata angapo, n'kumalemba funso lililonse lobwera pakamwa, pafoni kapena pa WhatsApp, kumapereka chithunzi choona kuposa msonkhano wa tsiku lonse. Koma nthawi yake isankhidwe bwino. Mafunso a sabata yoyamba ya teremu si ofanana ndi a nthawi yolembetsa mayeso a MANEB, kapena a masiku amene zotsatira zangotuluka.

Njira yachiwiri ndi kucheza ndi munthu mmodzimmodzi. Pano luso lili pa kafunsidwe. Funso lakuti, "Mayi, kodi webusaiti ingakuthandizeni?" lilibe phindu, chifukwa yankho lake ndi "Eya, ingatithandize kwambiri, aphunzitsi," ngakhale mayiwo sanatsegulepo webusaiti chibadwire. Si bodza ayi, ndi ulemu. Mlendo wobwera ndi chitukuko sakanidwa pamaso. Funso lothandiza limafunsa zimene zinachitika kale: "Mayi, teremu yathayi munadziwa bwanji tsiku lotsegulira? Anakuuzani ndani? Foni yake inali ya yani? Nanga fizi munalipira kuti, ndipo munatsimikiza bwanji kuti yafika?" Munthu salakwitsa kwambiri pofotokoza zimene anachita, koma tonsefe timalakwitsa polosera zimene tidzachite.

Wofunsayo akhale ndani n'kofunikanso. Wophunzira sanganene pamaso pa ahedi kuti zidziwitso za pa bolodi saziwerenga. Kholo limene lili ndi ngongole ya fizi silingamasuke kwa msungichuma. M'magulu okambirana, amayi akakhala pamodzi ndi abambo ndi amfumu kawirikawiri amangovomera, pamene iwowo ndi amene amatsatira za mwana tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake magulu amagawidwa, amayi paokha, atsikana paokha. Ndipo msonkhano woitanidwa pa tsiku la msika, kapena mu Disembala anthu ali pa kalikiliki wa kudzala ndi kupalira, umabweretsa okhawo amene ali ndi mpata, omwe si chithunzi cha makolo onse.

Mapepala a mafunso amafikira anthu ambiri, koma ali ndi msampha wake. Fomu yotumizidwa pa intaneti imayankhidwa ndi amene ali kale pa intaneti, ndipo lipoti limatuluka likunena kuti pafupifupi aliyense ali ndi foni yamakono. Fomu ya papepala yopatsira ana kuti apititse kunyumba nthawi zambiri imalembedwa ndi anawo panjira. Zonsezi n'zothandizabe, bola wowerenga zotsatira akumbukire kuti ndani sanayankhe.

Pali njira ziwiri zimene sizifuna kompyuta n'komwe, ndipo ine ndimaona kuti ndizo zimatsegula maso a komiti msanga. Yoyamba ndi ya timapepala: mutu uliwonse, monga fizi, yunifolomu, malamulo a ku hositelo, kalata ya umboni, umalembedwa pa kapepala kake, ndipo makolo ndi ana amapemphedwa kuunjika pamodzi timene akuona kuti n'togwirizana, n'kupatsa mulu uliwonse dzina. Apa zimaoneka kuti sukulu imagawa zinthu potsata maofesi ake, pamene kholo limagawa potsata nthawi: za mwana asanapite, za ali kusukulu, za akamaliza. Yachiwiri ndi kujambula masamba a webusaiti papepala, kukula kwake ngati foni, n'kuuza munthu kuti, "Achimwene, tayerekezani kuti mukufuna kudziwa ngati laibulale ili ndi buku la Biology la Fomu 3, mungadine pati?" Kenaka wofunsayo atseke pakamwa n'kumangoona. Kumuthandiza ndi kuwononga kafukufuku, chifukwa kunyumba kwake sikudzakhala womulozera.

Anthu angati akwanira? Jakob Nielsen, katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumaulula pafupifupi 85 peresenti ya mavuto a kagwiritsidwe ntchito, ndipo n'kwabwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kamodzi ndi anthu ambiri. Ofufuza ena anatsutsa, ponena kuti asanu sakwanira pa webusaiti yaikulu. Nielsen mwiniwake ananena kuti ngati magulu a anthu ndi osiyana kwambiri, gulu lililonse liyesedwe palokha. Tizindikirenso kuti nambalayi ikunena za kuyesa chinthu chojambulidwa kale, osati za kudziwa zosowa za dera lonse.

Foni, bandulo, magetsi ndi netiweki

Chosowa sichikhala m'malere. Chimakhala m'manja mwa munthu amene ali ndi foni inayake, pamalo enaake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 660,000 m'boma la Ntcheu. M'dziko lonse, anthu 84 pa 100 aliwonse ankakhala kumudzi, pafupifupi theka la mabanja linali ndi foni ya m'manja, ndipo mabanja owunikira magetsi a ESCOM anali cha m'ma 11 pa 100. Mafoni achuluka kuchokera nthawi imeneyo, koma ambiri ndi a mabatani, ndipo yamakono ikakhalapo pakhomo nthawi zambiri imayenda ndi bambo kapena mchimwene wamkulu.

Zimene izi zikutanthauza tinaziona mu 2020. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, manotsi a sekondale anaikidwa pa intaneti, koma boma linayeneranso kuulutsa maphunziro a pulayimale pa wailesi ndi kusindikiza mabuku ena, chifukwa intaneti yokha sikanafikira ana ambiri akumudzi.

Choncho kafukufuku wabwino amayesa zinthu zooneka zazing'ono. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yamakono, chikaikidwa osachepetsedwa, chimalemera mamegabaiti angapo, pamene tsamba la mawu okhaokha limapepuka kwambiri moti limatseguka ngakhale netiweki ikuvuta. Tsamba loyamba lodzaza zithunzi za tsiku lopereka mphoto limadya bandulo ya kholo lisanaone chimene limafuna. Kalata ya PDF yokonzedwera pepala lalikulu imavuta kuwerenga pa foni yaing'ono. Komanso malo amasiyana: pa boma netiweki ndi ina, kuseri kwa mapiri a Kirk ndi ina, ndipo cha ku Biriwiri, Lizulu ndi Tsangano, kumene Mozambique ili kutsidya kwa msewu, foni nthawi zina imagwira netiweki ya dziko loyandikana nalolo. Kuyesa webusaiti pa laputopu ya womanga, mu ofesi ya mu mzinda, sikuuza munthu chilichonse za malo amenewa.

Nthawi zina zotsatira zimaloza kwina. Ngati chosowa chachikulu ndi chakuti ana awerenge ali pasukulu pomwepo, pali mapulogalamu aulere monga Kiwix ndi Kolibri amene amasunga zowerenga pa kompyuta imodzi n'kumazigawira mafoni ndi makompyuta apafupi popanda intaneti. Ngati chosowa ndi kudziwitsa makolo mwachangu, uthenga wamba wa pafoni, chilengezo cha ku tchalitchi ndi ku mzikiti, kapena kalata yopatsira mwana zingafike patali kuposa tsamba lililonse. Kafukufuku amene yankho lake linali lodziwika asanayambe, loti webusaiti imangidwe basi, sangaone zimenezi.

Olumala ndi chilankhulo

Kalembera yemweyo wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina, ndipo anthu achialubino, amene ambiri a iwo amavutika kuona, anali oposa 134,000. Pali malangizo a dziko lonse lapansi opangira mawebusaiti oti olumala athe kuwagwiritsa ntchito, otchedwa WCAG, amene anatuluka koyamba mu 1999 ndipo akhala akukonzedwanso, onena za kukula kwa zilembo, kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi wa pansi pake, ndi kufotokoza chithunzi chilichonse m'mawu. Chizolowezi chofala chojambula kalata yosainidwa ndi ahedi n'kuiika ngati chithunzi chimatsekera kunja munthu wosaona, chifukwa pulogalamu yowerenga mokweza singawerenge chithunzi.

Pa chilankhulo pali mbali ziwiri. Ena amati sukulu ya sekondale imaphunzitsa m'Chingerezi, ndipo opereka thandizo akunja amawerenga Chingerezi. Ena amati wolipira fizi ndi kholo, ndipo kholo limamva Chichewa. Kulemba zonse m'zilankhulo ziwiri kumachulukitsa ntchito, ndipo mbali imodzi imatsalira m'mbuyo, n'kumapezeka fizi ya chaka chino m'Chingerezi, ya chaka chatha m'Chichewa. Kudziwa kuti tsamba lililonse ndi la yani kumathandiza kusankha, tsamba ndi tsamba.

Zimene anthu amafuna koma siziyenera kuikidwa

Makolo ambiri angakonde kuona zotsatira za ana awo pa foni, ndipo sukulu imanyadira kuonetsa nkhope za amene akhoza bwino. Koma webusaiti imaonedwa ndi aliyense. Dzina la mwana, chithunzi chake, sukulu yake ndi tsiku limene ana amatuluka kupita ku holide, zikakhala pamodzi, ndi uthenga wokwanira kwa munthu wa zolinga zoipa, ndipo m'dziko limene anthu achialubino akhala akuchitidwa nkhanza, iyi si nkhani yongoyerekeza. Lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu la 2024, limene MACRA imayang'anira, limafuna chilolezo cha kholo kapena womulera pa uthenga wa mwana. Mbali inayi, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga la 2017, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalimbikitsa mabungwe a boma kuulula zinthu monga kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Malamulo awiriwa sakutsutsana: lina likunena za munthu, lina za bungwe. Lipoti la ndalama za chitukuko cha sukulu lingaikidwe poyera; mndandanda wa ana amene sanamalize fizi, ayi. Ku laibulale n'chimodzimodzi, zimene munthu wabwereka ndi chinsinsi chake.

Adzaisamalira ndani

Ogwira ntchito pasukulu nawonso ndi ogwiritsa ntchito, ndipo funso la ku Livulezi lija, loti ikafa akonze ndani, limawakhudza iwowa. Webusaiti nthawi zambiri imakhala m'manja mwa mphunzitsi mmodzi wokonda makompyuta. Akasamutsidwa, pasiwedi imapita naye. Kapena dzina la webusaiti linalembetsedwa m'dzina la wophunzira wakale amene anapereka ndalama chaka choyamba, chaka chachiwiri foni yake siikupezeka. Webusaiti yosonyeza fizi ya zaka zitatu zapitazo imasocheretsa anthu kuposa kusakhala nayo. N'chifukwa chake kafukufuku amafunsanso kuti ndani ali ndi mpata wolemba, kangati pa teremu, pa chida chanji, ndi bandulo ya yani, ndipo ndalama ya chaka ndi chaka ituluke m'thumba liti.

Mafunso amene akadali poyera

Pali zinthu zimene kafukufuku amaziunikira koma sangazigamule. Kodi webusaiti imangidwe potsata mafoni amene makolo ali nawo lero, kapena amene angadzakhale nawo zaka zisanu zikubwerazi? Amene amati tiyambe ndi lero amaopa kusiya anthu m'mbuyo. Amene amati tiyang'ane kutsogolo amakumbutsa mmene ndalama za pafoni zinafalikira msanga m'midzi imene kale inalibe banki.

Kodi sukulu iliyonse ikhale ndi webusaiti yake, kapena ofesi ya maphunziro ya m'boma ikhale ndi imodzi yokhala ndi tsamba la sukulu iliyonse, kuphatikizapo ma CDSS amene sangakwanitse okha? Imodzi ndi yotsika mtengo ndi yosavuta kuiteteza, koma uthenga wa ku Kasinje kapena ku Kandeu ungadikire masabata pa desiki ya munthu wa ku boma.

Zofuna za wopereka ndalama zikasiyana ndi za makolo, apambane ndani? Ophunzira akale amafuna kuona sukulu yawo ikuwala, ndipo popanda iwo ndalama sizikanapezeka. Nanga obwera kudzayankha mafunso apatsidwe kangachepe? Kuwapatsa kumalemekeza nthawi imene asiya kumunda, koma kumakopanso obwerera ndalamayo ndi mayankho okondweretsa. Ndipo ana a sukulu, amene ndi ambiri mwa ofuna manotsi, adzatsegulira pati webusaitiyo, pamene malamulo a sukulu zambiri saloleza wophunzira kukhala ndi foni?